AI ikonze ndondomeko, koma mtengo lembani nokha

Pali mayi wina amene ndimagulako usipa ndi nyemba pamsika wina mu Lilongwe. Mayiyu ali ndi chizolowezi chabwino. Lolemba lililonse m'mawa amatumiza uthenga pa WhatsApp kwa makasitomala ake: katundu wabwera ndi uyu, mtengo ndi uwu, ofuna wambiri anene msanga. Ambiri mwa olandira uthengawo ndi eni malesitilanti ang'onoang'ono komanso amayi apantchito omwe alibe nthawi yozungulira msika.

Mwezi watha mayiyu anatopa nako kulemba. Mwana wa mchemwali wake anati ayi, masiku ano zimenezi amalemba ndi makina, ndipo anatsegula Meta AI pafoni yomweyo n'kuiuza kuti ilembe uthenga wotsatsa usipa. Uthenga unatuluka wosalala ngati wa kampani yaikulu, moti anautumiza asanauwerenge mpaka pansi. Kunsi kwake kunali mtengo womwe mayiyo sanatchulepo, komanso lonjezo lakuti wogula ndowa yathunthu amuperekera kunyumba ulere. Pofika masana anali atalipira kabaza kawiri kuchokera m'thumba mwake, poopa kutchedwa wabodza.

Pondifotokozera, iye anamaliza ndi mawu akuti makinawa ndi achinyengo. Ine sindikuvomereza kwathunthu. Chinalakwika n'chakuti anawapatsa ntchito yomwe si yawo. Maganizo anga ndi awa, amalonda anzanga: AI ndi yothandiza pokonza ndondomeko ya zomwe muziuza makasitomala anu sabata ndi sabata, komanso pokuchotsani ulesi woyamba kulemba. Koma mtengo, lonjezo ndi chiganizo choyamba cha uthenga zizichokera kwa inu amene mwakhala pabenchi.

Tiyambe ndi kumvetsa kuti chinthuchi n'chiyani. ChatGPT inatuluka mu November 2022, ndipo Meta AI inafika pa WhatsApp kuno ku Malawi mu April 2024. Zonsezi zinaphunzitsidwa ndi zolembalemba zochuluka kwambiri, ndipo mukazifunsa kanthu zimasanja mawu omwe akuoneka oyenera kutsatana. N'chifukwa chake zimalemba mokoma. N'chifukwa chakenso mukapanda kuziuza mtengo zimatha kungoikapo nambala yomwe ikuoneka ngati mtengo. Sizinapiteko ku Lizulu kukapikula tomato, sizikudziwa kuti lole ya mbatatesi ya ku Tsangano yachedwa, ndipo mtengo wa dengu la anyezi ku Jenda m'mawa wa lero sunalembedwe paliponse pomwe zingauwerenge. Kumbukirani momwe mitengo inasinthira m'masiku ochepa kwacha itagwa ndi 44 peresenti mu November 2023. Mtengo wa dzulo ndi tsabola wakale, sawawa.

Nanga phindu lake lili pati? Lili pa ntchito yomwe ambiri a ife imatikanika, yoganiziratu. Wamalonda amadzuka mbandakucha, amaweruka kutada, ndipo ikafika nthawi yolembera makasitomala mutu umakhala uli mbuu. Mapeto ake sabata iliyonse timatumiza mawu amodzimodzi akuti katundu alipo bwerani, mpaka anthu amasiya kutsegula.

Apa ndi pomwe AI imagwira ntchito. Khalani nayo pansi kamodzi pamwezi, muiuze zomwe inu mukudziwa. Mwachitsanzo: ndimagulitsa usipa, bonya ndi nyemba, ogula ambiri ndi eni malesitilanti ndi mabanja, anthu amagula kwambiri kumapeto kwa mwezi akalandira malipiro, pakati pa mwezi amafuna timilu ting'onoting'ono, usipa umasowa mwezi ukamawala chifukwa asodzi amaukopa ndi nyali usiku, nthawi ya mwera nsomba zimachepanso. Kenako ipempheni kuti ikusanjireni mitu inayi, umodzi pa sabata. Ikhoza kukuuzani kuti sabata yoyamba mulembe za ogula chambiri, yachiwiri za kasungidwe ka nsomba zouma kuti zisafumbwe, yachitatu muchenjeze makasitomala kuti katundu atsala pang'ono kusowa, yachinayi mukumbutse za maoda a kumapeto kwa mwezi. Palibe chachilendo pamenepa, zonse munaiuza ndinu. Koma yazisanja, ndipo Lolemba likafika simuyambanso kukanda mutu.

Wogulitsa kaunjika angachite chimodzimodzi ndi nyengo zake: majuzi ndi mabulangete kuzizira kwa June ndi July kusanafike, nsapato ndi zikwama sukulu zikamatsegulira mu September, zovala za ana Khirisimasi ikamayandikira. Wa chimanga amadziwa kuti mtengo umatsika nthawi yokolola ndipo umakwera mu January ndi February. Nzeru zimenezi zili kale m'mutu mwanu. AI ingokuthandizani kuziyala pa kalendala.

Tsopano pa kayambidwe ka uthenga, pomwe ndikufuna titsutsane pang'ono ndi achinyamata athu. Iwo amati kukoma kwa AI ndi koti imakuyambira. Zoona imayamba, koma imayamba ngati mlendo. Imakonda malonje aatali: okondedwa makasitomala athu, ndife okondwa kukudziwitsani za katundu wapamwamba. Pafoni, munthu asanatsegule uthenga amangoona mawu ochepa oyambirira. Mawu amenewo akathera pa malonje, mwataya malo anu abwino kwambiri. Yerekezani ndi uthenga woyamba chonchi: usipa wa ku Nkhotakota wafika usiku, ndowa zisanu zokha, mtengo sunasinthe. Ndani angadutse osatsegula? Chiganizo chotere AI singachilembe payokha, chifukwa nkhani yake ili m'maso mwa amene watsitsa katunduyo.

Choncho njira yomwe ndikulangiza ndi iyi. Lembani nokha mzere woyamba, ukhale ndi katundu, komwe wachokera ndi mtengo. Mukatero uzani AI kuti ipitirize ndi mizere itatu kapena inayi pa mutu wa sabatayo, ndipo muilamule momveka kuti isawonjezere mtengo, kuchotsera kapena lonjezo lililonse lomwe simunatchule. Ikalemba, werengani mokweza kuyambira pamwamba mpaka pansi. Mawu alionse omwe simungawayankhule kwa kasitomala ali chilili pabenchi panu, afufuteni.

Kuwerenga mokwezaku n'kofunika pa chifukwa chinanso. Makinawa anaphunzira kwambiri Chingerezi, ndipo Chichewa chawo chimapunduka. Amatha kulemba mawu omwe palibe amawanena pamsika, kapena kumasulira dzina la nsomba molakwika. Kasitomala yemwe wakhala akugula kwa inu zaka zisanu amadziwa kayankhulidwe kanu. Akaona uthenga wosamveka ngati inu, ayamba kukayika ngati foni yanu sinabedwe, makamaka masiku ano pomwe akuba apafoni achuluka. Ndipo uthengawo ukakhala ndi nambala ya Airtel Money kapena Mpamba, kukayikako kumakula.

Alipo ena omwe anganene kuti bwanji osangozisiya zonsezi, popeza makolo athu ankagulitsa popanda makina. Mfundo yawo ili ndi mbali yoona. Ngati makasitomala anu ndi anthu khumi omwe mumaonana nawo tsiku ndi tsiku, musawononge bandulo. Uthenga wa mawu wa theka la mphindi ukukwanirani, ndipo umafika ngakhale kwa osadziwa kuwerenga. Koma ngati mndandanda wanu wakula, ndipo mwaona kuti mumadumphitsa masabata chifukwa chosowa cholemba, kukana chida chomwe chili kale m'foni mwanu ndi kudzimana. Mnzanu wa benchi yoyandikana akamakumbutsa anthu sabata iliyonse inu muli chete, oda ya kumapeto kwa mwezi ipita kwa iye.

Pali zinthu ziwiri zomwe sindingalole kuti muzinyozere. Choyamba ndi zinsinsi za makasitomala. Musalembe mu AI mayina a anthu, manambala awo a foni kapena kope la angongole anu. Zomwe mwalemba mmenemo zimachoka m'foni mwanu kupita ku makompyuta a kampani, ndipo munthu amene anakukhulupirirani ndi ngongole yake sanavomere zimenezo. Kuti AI ikuthandizeni sifunika kudziwa kuti wakuti sanalipire. Ingoiuzani kuti mukufuna mawu aulemu okumbutsira ngongole, dzina mulembe nokha potumiza.

Chachiwiri ndi lonjezo. Uthenga ukatuluka pa nambala yanu, ndi wanu. Kasitomala sadzapita kukadandaula kwa Meta AI, adzabwera pabenchi panu. Kutsatsa malonda monamiza ogula ndi nkhani yomwe bungwe la CFTC limalandira madandaulo ake, koma chilango chachangu chimachokera kwa ogula eni ake. Wamalonda wamng'ono alibe chikwangwani pamsewu kapena pulogalamu pa wailesi. Chuma chake chachikulu ndi chakuti akanena mtengo anthu amakhulupirira. Mpamba ukatha mutha kukongola kubanki m'khonde n'kuyambiranso, koma mbiri ikaipa pamsika palibe kokakongola ina.

Langizo lina laling'ono kwa omwe akufuna kuyamba. Mndandanda wotumizira uthenga umodzi kwa anthu ambiri pa WhatsApp umalola anthu 256, ndipo uthengawo umafika kwa okhawo omwe anasunga nambala yanu m'foni mwawo. Choncho musanavutike ndi kukometsa mawu, pemphani kasitomala aliyense asunge nambala yanu, ndipo mumufunse ngati akufuna kumalandira uthengawo. Sankhani tsiku limodzi pa sabata, musalisinthe. Uthenga ukhale waufupi, chithunzi chikhale cha katundu amene alipodi lero.

Mayi wa usipa uja sanasiye. Anabwerera kwa mwana wa mchemwali wake, ndipo anagwirizana kuti mnyamatayo azisanja mitu ya mwezi ndi makina ake, koma mzere woyamba ndi mitengo azilemba mayiyo ndi chala chake. Lolemba lapitali uthenga wake unayamba ndi mawu akuti nyemba zakwera, pepani, koma ndi zatsopano. Ndinapita kukagula.