NYIMBO ISAGULITSIDWE IKALI M'MUNDA

Palibe mlimi wa fodya ku Santhe amene sadziwa kuti ntchito siithera m'chigafa. Munthu angathe kufesa nazale pa nthawi yake, kuwokera, kuthyola, kusoka ndi kudinda mabelo mwaluso, koma ngati sadziwa njira ya ku okushoni ya ku Chinkhoma kapena ku Kanengo, thukuta lake amadyera ndi ena. Nzeru imeneyi alimi a ku Kasungu anaiphunzira movutikira, ndipo ndiyo ikusoweka pakati pa anyamata ndi atsikana amene akufuna kupeza zosowa zao ndi luso loimba.

Masiku ano wachinyamata wa pa Santhe angathe kupeka nyimbo, kuijambulitsa pa kompyuta ndi kuifalitsa pa mafoni sabata isanathe. Zimenezi n'zokondweretsa. Chodandaulitsa n'chakuti ambiri amayesa kutchuka ndiwo malipiro. Nyimbo ikamveka m'mabala, m'maminibasi ndi pa maukwati, mwini wake amayenda monyadira, osadzifunsa kuti ndalama imene nyimboyo ikubala ikulowa m'thumba la yani.

Mbiri ili ndi chenjezo lokwanira. M'chaka cha 1939, Solomon Linda anajambula nyimbo yotchedwa Mbube ku kampani ya Gallo mumzinda wa Johannesburg, nalandira masheleni 10 okha. Nyimboyo inaoloka nyanja ndi kulemeretsa anthu a ku America, pamene iye anamwalira ali mmphawi mu 1962, ndipo ana ake anayamba kupezapo cholowa chenicheni mu 2006, nkhani italowa m'bwalo la milandu. Kuno kwathu, Allan Namoko wa ku Thyolo, amene nyimbo zake zinkamveka pa wailesi ya MBC kwa zaka zambiri, anatsikira kuli chete mu 1995 wopanda chuma cholingana ndi dzina lake. Anthu amenewa luso anali nalo lochuluka. Chimene chinawasowa ndi chitetezo pa malonda a lusolo.

Lero chitetezocho chilipo. Dziko lino linakhazikitsa lamulo la umwini wa ntchito zaluso mu 1989, ndipo mu 1992 panabadwa bungwe la COSOMA loyang'anira umwiniwo. Lamulolo linakonzedwanso mu 2016. Bungweli limatolera ndalama kwa nyumba zoulutsira mau ndi kwa eni malo achisangalalo amene amaika nyimbo, limalandiranso msonkho wa zipangizo zosungira nyimbo zolowa m'dziko muno, kenaka limagawa kwa eni nyimbozo. Koma silingagawire munthu amene silimdziwa. Monga mlimi amayamba walembetsa asanapite ndi mabelo ku okushoni, woimbanso ayenera kulembetsa dzina lake ndi nyimbo zake iliyonse payokha.

Chachiwiri chofunika kumvetsa n'chakuti m'nyimbo imodzi muli chuma cha mitundu iwiri. Pali umwini wa amene anapeka mau ndi maimbidwe, ndipo pali umwini wa nyimbo yojambulidwayo. Mnyamata akalowa mu situdiyo, wina nkumuikira zida, wina nkulipira ndalama yojambulira, wina nkuthandiza kuimba, onsewo angadzanene kuti nyimbo ndi yao tsiku limene yayamba kubala ndalama. Nthawi yabwino yogwirizana za gawo la munthu aliyense ndi tsiku lojambula, onse akali kusekererana, ndipo mgwirizanowo ulembedwe papepala pamaso pa mboni.

Chachitatu ndi ndalama yopatsidwiratu. Anthu a ku Kasungu sangafune kuwafotokozera za moyo wa tenanti, amene ankalandira chimanga, mchere ndi feteleza pa ngongole chaka chonse, nkudzapeza pa nthawi yowerengera kuti watsala chimanjamanja. Mchitidwe umenewu unathetsedwa ndi lamulo mu 2021, koma mzimu wake ulipobe m'malonda a nyimbo. Wina akapereka ndalama yojambulira, yogulira zovala ndi yokonzera kanema, kawirikawiri imeneyo si mphatso ai, ndi ngongole imene idzachotsedwa woimba asanaone tambala. Asanasaine, woimba afunse kuti mgwirizanowo utha liti, ndalama zidzagawidwa motani, ndiponso nyimbo idzakhala ya yani pamapeto pake. Safunsa anadya phula.

Ena amati fodya wako ndi amene ali pamphuno, wa pachala ngwa mphepo, ndiye bola kulandira kochepa lero. Mau amenewa amakoma m'kamwa mwa mavenda amene amagula fodya pakhomo pa nthawi ya njala. Koma nyimbo imasiyana ndi fodya pa chinthu chimodzi chachikulu: belo limagulitsidwa kamodzi, pamene nyimbo imakololedwa chaka ndi chaka, ngakhale mwini wake atamwalira. Giddes Chalamanda wa ku Chiradzulu, wobadwa mu 1930, anaona nyimbo yake yakale ya Linny Hoo ikufalikira pa dziko lonse kudzera pa TikTok ali ndi zaka zopitirira 90, ataimbanso pamodzi ndi Patience Namadingo mu 2020. Wogulitsa umwini wa nyimbo amagulitsa munda ndi zokolola za zidzukulu zomwe.

Njira yabwino ilipo ndipo ena aidutsa. Yobu Maligwa ndi Yosefe Kalekeni a Madalitso Band anayamba ndi kuimba m'misewu ya Lilongwe ndi gitala ndi babatoni wopanga okha. Atapeza anthu owayendetsera za malonda, anakaimba ku Zanzibar mu 2017, ndipo kuchokera pamenepo akhala akuyenda maiko a ku Ulaya. Zida zao sizinasinthe. Chinasintha ndi dongosolo.

Pamenepa pali udindo wa atsogoleri a m'madera ndi ogwira ntchito za boma. Aphunzitsi ndi alangizi a achinyamata angathe kuwerengera mwana wa m'mudzi pepala la mgwirizano asanadindepo chala. Okonza misonkhano ndi zikondwerero asaitane gulu la oimba nkulibweza ndi nsima ndi mau othokoza okha. Mtengo ukambidwe poyamba ndipo uperekedwe. Eni mabala ndi malo ogona atenge ziphaso zoyenera, ndipo anyamata amene amakopera anthu nyimbo m'mafoni pamsika auzidwe kuti akukolola m'munda wa eni.

Woimba nayenso asunge kabuku kolembamo zimene walowetsa ndi zimene wapeza pa phwando lililonse, monga mlimi amasungira mapepala a ku okushoni. Mseu wochoka pa Santhe kudzera pa Kasiya umafika ku Lilongwe, kumene kuli maofesi a COSOMA. Ulendo umenewo uyendedwe nyimbo isanatuluke m'nyumba.