Akatswiri a makompyuta, lekani kugwira ntchito pa mtengo wa dzana

M'mwezi wa November 2023 Reserve Bank of Malawi idatsitsa mphamvu ya kwacha ndi 44 peresenti, patangopita chaka ndi theka itaitsitsanso ndi 25 peresenti. Katswiri wa makompyuta amene adasaina kontirakiti ya K1 miliyoni mu October chaka chimenecho ankayembekeza madola pafupifupi 850. Pomwe cheke chinkatuluka mu December, ndalama yomweyo inali yosakwana madola 600. Palibe amene adam'pepesa.

Wogulitsa simenti adasintha mtengo tsiku lomwe kwacha idagwa. Wa minibasi naye sadachedwe. Koma wopanga mapulogalamu a kompyuta mpaka lero akuchita manyazi kukweza mtengo, chonsecho pafupifupi chilichonse chimene amagwiritsa ntchito chimagulidwa ndi dola: laputopu, malaisensi, malo osungira webusaiti pa seva za kunja. Dolayo kubanki sapezeka, ndipo kwa mavenda mtengo wake udapitirira kawiri wa boma. Kenaka pali bandulo, mafuta a jenereta magetsi akathima, ndi msonkho umene umadulidwa ndalama isanafike m'manja. Chotsala nchiyani?

Mudzamva mabwana akuti chuma chavuta, tonse timange malamba. Zoona, ntchito zachepa. Boma la America litaimitsa thandizo la USAID kumayambiriro kwa 2025, ambiri amene ankasamala makompyuta m'mapulojekiti a zaumoyo adapezeka ali pakhomo, ndipo sukulu za ukachenjede za MUBAS, MUST ndi Mzuni sizidaleke kutulutsa achinyamata chaka ndi chaka. Ofuna ntchito akachuluka, wolemba ntchito amadzimva kukoma. Koma kodi lamba ameneyu akumanga ndani? Mabanki athu akulengeza phindu la mabiliyoni ochuluka, ndipo gawo lina la phindulo likudutsa pa mapulogalamu a pafoni. Osauka si iwowo ayi.

Kumayambiriro kwa 2024 makina osindikizira mapasipoti atasokonezeka, dziko lidakhala milungu yambiri osatulutsa pasipoti, mpaka boma lidatembenukira kwa akatswiri a konkuno. Nyumba ikamapsa timawakumbukira. Tenda yonona ikatuluka, imapita kunja ndipo imalipidwa m'madola mosanyinyirika.

Mlandu wina ndi wanu, akatswiri. Mnzanu akatchula K3 miliyoni, inu mumalowera kukhomo lakumbuyo nkunena kuti K800,000 ikwana, kenaka ntchito nkuithawa ili pakati chifukwa ndalama yatha. Mwatsitsa mtengo wa aliyense, mwaipitsanso mbiri ya onse.

Bungwe la akatswiri a makompyuta la ICTAM lisamangodziwika ndi misonkhano ya kunyanja. Litulutse mitengo yoyambira, kuti wachinyamata wongomaliza kumene sukulu adziwe poyambira kukambirana. Ndipo inu musasaine pepala lopanda zinthu zitatu izi: theka la ndalama ntchito isanayambe, chiwongoladzanja pa malipiro ochedwa, ndi ndime yoti kwacha ikagwa mtengo uwunikidwenso. Wokana zimenezi musiyeni akonze yekha seva yake.