Wakutsina khutu ndi mnansi, koma khutu lili ndi katsinidwe kake

Akuluakulu anati wakutsina khutu ndi mnansi. Mwambiwu timaukumbuka msanga tikafuna kudzudzula munthu, poti umatipatsa chilolezo cholankhula zowawa. Komatu mwambi womwewu uli ndi malire ake. Khutu limatsinidwa mwakachetechete, ena asakuona. Limatsinidwa ngozi isanagwe, kuti mwini khutu aizembe. Ndipo wotsinayo ndi mnansi, munthu amene mawa udzakumana naye kumjigo, amene sangakondwe kukuona utagwera m'mbuna. Nzeru imeneyi ikusowa pa malo ena amene makolo athu sanawadziwe: mipikisano ya zithunzi ya anthu ongoyamba kumene kujambula.

Mipikisano yotereyi yachuluka. Sukulu, mipingo, magulu a achinyamata ndi mabungwe oona za chilengedwe amaitanitsa zithunzi, ndipo ilipo ina ya Africa yense, monga Wiki Loves Africa, umene unayamba mu 2014 ndi mutu wa zakudya. Chachulukitsa zonsezi ndi foni. Kale wojambula ankafunika kamera, filimu ndi ndalama zokatsukitsira zithunzi. Lero mwana wa Folomu 2 amajambula, n'kuona pomwepo, n'kutumiza. Olowa mpikisano amakhala ambirimbiri, opata mphoto awiri kapena atatu. Otsalawo amangolandira mawu akuti "zikomo potenga nawo mbali", osadziwa chimene chawagwetsa. Kwa ine apa ndi pamene mpikisano umatayira phindu lake lalikulu, chifukwa mphoto imakwanira ochepa pamene ndemanga ikanakwanira aliyense.

Ndemanga zikaperekedwa, kawirikawiri zimakhala zoyamikira mopanda kanthu. "Mwatha, achemwali!" "Chokongola zedi!" Ndi ulemu wathu umenewu, sitifuna kukhumudwitsa munthu. Koma mtsikana amene wajambula nyanja itapendama, tikangomuombera m'manja, chaka chamawa adzaipendamitsanso, n'kugwanso, osadziwa chifukwa. Tamusiya yekha uku tikumumwetulira. Palinso ena, makamaka amene anagula kamera yodula, omwe ndemanga yawo imakhala yakuti "izi si zithunzi, kagule kamera yeniyeni". Awa sakutsina khutu, akuliduliratu. Akanadziwa mbiri ya Seydou Keïta wa ku Mali akanabweza moto. Keïta, mwana wa mmisiri wa matabwa, anayamba ndi kamera wamba ya Kodak Brownie imene anapatsidwa ndi m'bale wa makolo ake mu 1935. Anatsegula situdiyo ku Bamako mu 1948, ndipo zithunzi zake zambiri ankajambulira panja, pogwiritsa ntchito kuwala kwa dzuwa ndi nsalu yopachika kumbuyo kwa munthu. Lero zithunzizo zimaonetsedwa m'nyumba zikuluzikulu za luso padziko lapansi. Kumuuza mwana kuti agule chimene sangakwanitse si uphungu ayi. Uphungu ndi umene angautsate mawa m'mawa ndi foni yomweyo.

Kuona maso a nkhono n'kudekha. Mwambiwu timauza ojambula, kuti adikire mphindi yabwino, koma woyamba kuumva akhale woweruza. Musanalembe kanthu, khalani nacho chithunzicho. Diso lanu lagwera pati poyamba? Lapita kuti kenako? Wojambulayu amafuna kutionetsa chiyani? Ndemanga yabwino imayamba ndi kunena zimene mwaona, kuti mwini chithunzi adziwe kuti ntchito yake yayang'anidwadi.

Titenge chithunzi chimene sichisowa pa mpikisano uliwonse kuno kwathu: asodzi ndi bwato lawo dzuwa likulowa ku Chembe, ku Cape Maclear. Thambo lafiira, madzi akunyezimira, asodzi atatu aoneka akuda bii. Woweruza waulesi alemba "chabwino" kapena "chamdima", n'kupita pa china. Mnansi angalembe motere: "Achimwene, nthawi mwaisankha bwino, ndipo njira ya kuwala imene yadutsa pamadzi ikukokera diso ku bwato. Vuto ndi lakuti asodzi atatuwa aunjikana, matupi awo alumikizana ndi bwato, moti sitikuona amene akukoka khoka ndi amene akupalasa. Mukapitanso, khalani pansi kapena gwadani kuti matupi awo aonekere pa thambo, ndipo dikirani mpaka mmodzi atakweza nkhafi. Onaninso mzere umene nyanja yakumana ndi thambo, watsikira kumanja. Foni yanu ili ndi powongolera." Ndemangayi ndi yaifupi, koma mnyamatayo wadziwa chimene wachita bwino, chimene chalakwika ndi chochita. Taonaninso kuti woweruzayu sanadandaule za mdima wa asodziwo. Wazindikira kuti mwini chithunzi anafuna dala kuti aoneke ngati mithunzi, ndipo wamuthandiza kufika kumene amapita. Akanakhala kuti amafuna nkhope, malangizo akanakhala ena: atembenuke, dzuwa likhale kumbuyo kwake, kapena abwere m'mawa. Ku Senga Bay, kumene dzuwa limatulukira panyanja, nthawizi zimasinthana. Woweruza wodziwa malo amathandiza kuposa wodziwa mabuku okha.

Nkhani ya nkhope ndiyofunika kuikhalira pang'ono, chifukwa ndi imene imagwetsa zithunzi zambiri za anthu athu. Kamera imayeza kuwala kwa malo onse amene ikuona. Munthu wakhungu lakuda akaima patsogolo pa khoma loyera kapena thambo lowala, kamera imachepetsa kuwala pofuna kuti khomalo lisachite mbee, ndipo nkhope imamira. Vutoli ndi lakale. Kwa zaka zambiri kampani ya Kodak inkatumiza ku malo otsukira zithunzi khadi lotchedwa Shirley, lokhala ndi chithunzi cha mayi wachizungu, kuti aziyezerapo mitundu, ndipo khungu lakuda silinali m'maganizo a okonza muyezowo. Choncho woweruza akaona nkhope ya agogo itamira m'mdima, asathamangire kunena kuti mwanayu alibe diso. Amuuze kuti asanajambule agunde ndi chala pa nkhopeyo pa sikirini, foni iyezere kuwala pamenepo. Amuuze kuti dzuwa la paliwombo limaika mithunzi m'maso ndi pansi pa mphuno, choncho awapemphe agogowo akhale pakhonde, nkhope itayang'ana kumene kukuchokera kuwala. Zinthu ziwiri zimenezi zimasintha chithunzi kuposa foni yatsopano.

Ndati ziwiri, ndipo ziwiri n'zokwana. Chithunzi cha woyamba kumene chingakhale ndi zolakwika zisanu ndi ziwiri, inu n'kuziona zonse. Sankhani ziwiri zimene zikachotsedwa chithunzicho chingadzuke, zinazo zidikire.  Mwana wopatsidwa mndandanda wautali sagwira ngakhale chimodzi, amangomva kuti iye ndi wolephera.

Pali zolakwika zina zimene si za diso la wojambula. Chithunzi chotumizidwa pa WhatsApp mwa nthawi zonse chimafinyidwa, chimafika chitachepa mphamvu, pamene chikatumizidwa ngati document chimafika momwe chinalili. Kukoka chithunzi ndi zala kuti chinthu chakutali chiyandikire kumachiswa pa mafoni ambiri otsika mtengo. Ndi bwino kuyenda n'kuyandikira. Galasi la kamera limene lakhala m'thumba tsiku lonse limadzaza fumbi ndi thukuta, n'kubweretsa chimbuuzi chimene kansalu kofewa kakanachotsa. Izi okonza mpikisano azinene pachiyambi, poitanitsa zithunzi. Kuchotsera mwana malikisi pa chinthu chimene simunamuuze n'kumulanga chifukwa cha kuchepa kwa bandulo yake.

Tsopano khutu la woweruza mwini. Anyani amasekana zikundu, ndipo chikundu cha oweruza ambiri ndi kusasiyanitsa pakati pa "sindinachikonde" ndi "sichinatheke". Tazolowera zithunzi za pa makalendala ndi za okopa alendo: njovu za ku Liwonde, nkhungu pa phiri la Mulanje, dzuwa lofiira panyanja. Ndiye mtsikana akabweretsa chithunzi cha wakabaza atanyamula matumba a makala m'matope a mwezi wa February, mitsempha ya m'khosi itatuluka, timachiika pansi poti si chokongola. Chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere: chithunzi chikhoza kuwala mitundu yonse koma osanena kanthu, pamene cha wakabazacho chikusimba moyo wa tauni yonse. N'chimodzimodzi malamulo a m'mabuku. Amatiphunzitsa kuti chinthu chachikulu chisakhale pakati penipeni, chikhale chakumbali pang'ono. Ndi malangizo othandiza, koma Keïta uja ankaika anthu ake pakati, akuyang'ana kamera maso ndi maso, ndipo mphamvu ya zithunzi zake ili pamenepo. Ngati zimene mukunena ndi zokonda zanu chabe, nenani poyera kuti "ine ndikanachita motere", mwini chithunzi asankhe.

Pali malo amodzi pamene ndikufuna khutu litsinidwe mwamphamvu. Achinyamata ena anaona kuti chithunzi cha mwana wausiwa, wamamina, akulira, chimakopa chifundo, ndiye amasaka ana otere m'midzi ndi m'misika. Woweruza afunse: makolo a mwanayu anavomera? Akudziwa kumene chithunzichi chikupita? Mwanayu akadzakula, adzakondwa kudziona chonchi? Mafunso omwewa ndi ofunika pa chithunzi cha wodwala m'chipatala, cha anamfedwa pamaliro, ndi cha Gule Wamkulu, amene ali ndi eni ake oyenera kupemphedwa munthu asanatulutse foni. Kunena izi si kulowerera. Wojambula amene waphunzira kupempha adakali wamng'ono amapeza zithunzi zabwino koposa, chifukwa anthu amamulola kuyandikira ndipo nkhope zawo zimamasuka.

Za chinyengo nazo zisabisidwe. Ngakhale akatswiri amagwa nazo. Mu 2015, pa mpikisano wa World Press Photo, pafupifupi zithunzi 20 pa 100 zilizonse zimene zinafika pa gawo loyandikira mapeto zinachotsedwa chifukwa zinasinthidwa mopyola malire pa kompyuta. Mu 2023, Boris Eldagsen wa ku Germany anapambana gawo lina la Sony World Photography Awards, kenako anakana mphotoyo, poulula kuti chithunzicho sanajambule ndi kamera koma anachipanga ndi AI. Ngati oweruza a mipikisano ikuluikulu akuvutika chonchi, wa mpikisano wa pasukulu asachite manyazi kupempha chithunzi choyambirira, chosakhudzidwa. Koma apemphe mwamseri, asanalengeze kanthu. Mafoni ambiri masiku ano amasalaza khungu ndi kukoleza mitundu ya thambo paokha, mwini wake osadziwa. Mwana wotere afunika kuonetsedwa pozimitsira, osati kutchedwa wakuba pamaso pa anzake. Zikapezeka kuti watengadi chithunzi cha wina n'kulembapo dzina lake, achotsedwe mu mpikisano, ndipo auzidwe chifukwa chake mosapsatira.

Ndikudziwa chimene oweruza anena: nthawi ili kuti? Ambiri amagwira ntchitoyi mongodzipereka, usiku, ataweruka kwina. Dandauloli ndi loona, koma yankho lake si kukhala chete. Ziganizo ziwiri pa chithunzi chilichonse n'zotheka. Uthenga wa mawu wa mphindi imodzi ndi wotheka, ndipo uli ndi ubwino wakuti kamvekedwe ka mawu kamafewetsa zimene pepala likanaumitsa. Zithunzi zikachulukitsa, oweruza asonkhanitse olowa onse tsiku lopereka mphoto, aonetse zolakwika zimene zabwerezedwa kwambiri pogwiritsa ntchito zithunzi zawo iwo eni, kapena za amene avomera, popanda kutchula mayina. Alankhule m'chilankhulo chimene anawo amamva, Chichewa, Chitumbuka kapena Chiyao. Ndipo okonza mpikisano, amene amapeza ndalama za zikwangwani ndi zakumwa, apatuleko zina zolipira nthawi ya oweruza yolembera ndemanga.

Kwa inu olowa mpikisano, safunsa anadya phula. Mukagwa, funsani mwaulemu chimene chinachepa. Mukauzidwa, musathamangire kudziteteza. Bwererani pamalo paja mukayese zimene mwamvazo, muone ndi maso anu ngati woweruzayo ananena zoona. Nthawi zina mudzapeza kuti analakwitsa, ndipo mudzadziwa chifukwa chake munajambula momwe munajambuliramo.

Pempho langa lomaliza likupita kwa olemba mafomu a mipikisano. Onjezeranipo mzere umodzi wofunsa kuti: "Mumafuna kutionetsa chiyani pa chithunzichi?" Yankho la mzere umenewu limamuuza woweruza poyambira, ndipo limamuteteza kuti asadzudzule mdima umene wojambula anaufuna dala. Ndemangazo zibwezedwe pasanathe milungu yambiri. Chithunzi cha amayi akukolola chimanga chikaweruzidwa mu May, ndemanga ifike minda isanayere, kuti wojambulayo athe kubwerera kumunda komweko akajambulenso chaka chomwecho.