Mpangankhani Wosagonja Amazizitsa Nthano

Pa tchuthi chapitachi mnzanga wina anandibwereka mabuku awiri a nkhani zopeka za Chingerezi, aja osimba za amatsenga okhala m'mizinda ikuluikulu pakati pa magalimoto ndi nyumba zosanja. Loyamba linali Neverwhere la Neil Gaiman, la mu 1996, lomwe limasimba za dziko lobisika pansi pa mzinda wa London. Ndinalimaliza masiku awiri. Lachiwiri, lomwe sindilitchula dzina, ndinalisiya pakati. Mpangankhani wake ankauluka, chipolopolo sichinkamulowa, ndipo adani ake ankagwa asanamukhudze n'komwe. Nditafika pamutu wachisanu ndinadzifunsa kuti: kodi munthu ameneyu ndimuderenji nkhawa?

Maganizo anga ndi akuti mphamvu zopanda malire zimazizitsa nthano. Wowerenga amatsegula tsamba lotsatira chifukwa mtima uli m'mwamba, akuopa kuti amene wamukonda uja aona zakuda. Mantha amenewa akachoka, chotsala ndi phokoso chabe. Ngakhale Superman, amene anayamba kuoneka mu 1938, olemba ake anamupezera mwala womufooketsa.

Makolo athu izi ankazidziwa bwino. Taganizirani Kalikalanje. Monga ankatisimbira agogo, mwanayu ankadziwiratu chiwembu chilichonse chisanachitike, zomwe ndi mphamvu zoopsa ndithu. Koma anali kamwana, ndipo amene ankamupereka kwa Fisi anali mayi ake enieni. Akapulumuka lero, madzulo ankabwerera kunyumba yomweyo kukadya nsima yophikidwa ndi manja omwewo. Ife ana tinkamvetsera tili chete, osati chifukwa chokayika nzeru zake, koma chifukwa analibe kothawira.

N'chimodzimodzinso ndi nkhani za kukhwima zomwe zimakambidwa m'minibasi zochokera pa Songani kupita ku Zomba. Sindikunena kuti nzoona, ndikunena za kapangidwe kake. Simudzamva za munthu wolemera ndi mankhwala popanda chizimba chowawa ndi malamulo ovuta: asasambe, asagone pabedi, asadye ndalama zake. Ndege ya ufiti nayo akuti imagwa ikadutsa pakhomo potsirika. Anthu osimba nkhanizi sanaphunzire za zolembalemba m'kalasi, komatu amadziwa kuti mphamvu iliyonse ili ndi mtengo wake.

Ena anganene kuti achinyamata amakonda ngwazi zosagonja chifukwa moyo wawo ndi wodzala ndi kugonja: fizi yasowa, ntchito kulibe, ndiye asiyeni alote. Mfundoyi ndikuimva, ndipo inenso ndinakhalapo m'nyumba zoonetsera mavidiyo n'kumakuwa munthu mmodzi akugwetsa anthu makumi awiri. Koma ndikatuluka ndinkaiwala zonse ndisanafike kunyumba, pamene Kalikalanje ndikumukumbukirabe mpaka lero.

Nkhawa yanga yaikulu ili pa ife amene tikuphunzira kulemba m'Chichewa. Zipangizo tili nazo pakhomo pomwe. Malemu Steve Chimombo, amene ankaphunzitsa ku Chancellor College, anatenga Napolo, chinjoka chomwe anthu amati chinagumula phiri la Zomba mu 1946, n'kumulowetsa m'ndakatulo zake ndiponso m'buku la The Wrath of Napolo la mu 2000. Mphamvu zopanda malire anazisiya kwa Napoloyo, anthu n'kukhala anthu wamba oti akhoza kukokoloka. Shadreck Chikoti naye anaonetsa ndi Azotus the Kingdom mu 2015 kuti Mmalawi akhoza kupeka dziko lakelake.

Tsono wina akafuna kulemba za mtsikana wa ku Domasi wotha kumva zolankhula mizimu ya m'phiri la Malosa, alembe ndithu, ndidzagula bukulo. Koma andionetse chomwe mtsikanayo akutaya nthawi iliyonse akagwiritsa ntchito mphatsoyo. Andionetsenso zomwe anthu a m'mudzi mwake adzachite akadzayamba kumunong'ona kuti ndi mfiti, pakuti kuno kwathu mawu amenewo aphetsapo anthu enieni, makamaka okalamba.