Malata Adikire, Tiyambire Pansi

Tikamayendera amene anaphunzira pano, kawirikawiri timapeza kanyumba kosungiramo makasu, mbewu ndi feteleza kofoleredwa ndi malata onyezimira, koma kopanda maziko. Mwiniwake amatilozera denga monyadira. Ife maso athu amathamangira pansi, pamene thumba la urea lauma gwa ngati mwala chifukwa cha chinyontho, ndipo chiswe chayamba kale kukwera nsanamira.

Ife tikuti ndalama yoyamba ipite pansi. Denga la udzu likhoza kukusungirani katundu kufikira mutagulitsa chimanga kapena soya, koma maziko olakwika sakonzeka popanda kugumula kanyumba konse.

Rufunsa ndi dziko la mapiri, monga adziwira aliyense amene anayendapo pa msewu wa Great East kulowera ku mlatho wa Luangwa. Mvula ya Januwale ikagwa, madzi amatsetsereka ndi ukali. Choncho sankhani malo okwera, ndipo kumbani ngalande chakumtunda kwake. Pa chulu musamangepo, ngakhale paoneke polimba. Eni ake ali m'kati. Dothi lakuda la pamwamba lichotseni kufikira mutapeza lolimba, mukalithire kudimba kumene lili ndi ntchito. Kenaka yalani miyala, muitsendere kolimba, kuti pansi pa kanyumba pakwere masentimita 15 kuposa bwalo. Pamwamba pa miyala thirani mchenga, ndi kuyala pulasitiki yotchinga chinyontho.

Ena adzati simenti ndi yodula, ndipo sitikana. Komabe tiwerenge. Kanyumba ka mamita 2 m'lifupi ndi 3 m'litali, konkire yake yochindikala masentimita 10, posakaniza muyeso umodzi wa simenti, iwiri ya mchenga ndi inayi ya miyala yoswa, kamadya matumba pafupifupi 4 a makilogalamu 50. Mchenga ndi miyala ambiri a ife sitigula. Yerekezani mtengo umenewo ndi feteleza ndi mbewu zimene zimaonongeka dzinja lililonse.

Chimene chimatiwawa koposa ndi kuona mlimi atagula simenti, n'kuisiya iume padzuwa la Okutobala. Konkire imalimba ndi madzi. Ithirireni masiku 7, ndipo Lachisanu dzuwa lisanalowe muiphimbe ndi masaka onyowa, kuti Sabata likupezeni mulibe nkhawa. Njerwa yoyamba iikidwe masiku amenewo atakwana.