Ophunzira za Moyo pa Yunivesiti Aphunzirenso Kulamula Kompyuta

Pamene dziko la Zambia linalandira ufulu m'caka ca 1964, eni dziko amene anali ndi madigiri anali ngati 100 cabe. Cifukwa ca ici anthu wamba anasonkha zimene anali nazo, ena ndalama, ena nkhuku ndi mbuzi, kuti amange Yunivesiti ya Zambia, imene inatsegulidwa ku Lusaka mu 1966. Anthu amene anasonkha motere ali nao ufulu wofunsa zimene ana ao aphunzira kumeneko.

Phunziro limodzi loyenera kulifunsa ndi lochedwa bioinformatics. Camoyo ciliconse, kaya munthu, cimanga kapena kalombo ka malungo, cili ndi malangizo ake olembedwa m'thupi ndi zilembo zinai: A, C, G ndi T. Mwa munthu zilembozi zikwana mamiliyoni 3,000. Palibe katswiri amene angaziwerenge ndi maso ake. Nchitoyi ifuna kompyuta, ndipo kompyuta sicita kanthu popanda munthu woilembera malamulo m'zinenero zake, monga Python ndi R.

Mlimi wa ku Katete angafunse kuti zimenezi zimthandiza ciani, pamene iye afuna feteleza, msewu ndi madzi abwino. Funsoli ndi lomveka, koma yankho lili pa cipatala ca kwao komweko. Acikulire akumbukira kuti chloroquine anali kucilitsa malungo, koma kalombo kanasintha zilembo zake, mankhwalawo nafooka, ndipo Boma linatenga Coartem m'malo mwake. Mu 2020 akatswiri analengeza kuti ku Rwanda kapezeka kalombo koyamba kulimbana ndi mankhwala a mtundu watsopanowu. Anakazindikira mwa kuwerenga zilembo zake. Dziko limene lilibe owerenga otere limadziwa za ngozi odwala atayamba kale kubwerera ku cipatala osacila.

Zambia waonetsa kuti angathe. Mu December 2020 akatswiri a pa Yunivesiti ya Zambia pamodzi ndi anzao anawerenga zilembo za kalombo ka korona, napeza kuti mtundu wochedwa Beta, umene unayamba kuoneka ku South Africa, wafika m'dziko muno. Nchito yotere siyenera kutsamira pa anthu owerengeka.

Motero pafunika zinthu zitatu. Coyamba, wophunzira aliyense wa udokotala, ulimi, ziweto ndi sayansi ya zamoyo aphunzitsidwe kulemba malamulo a kompyuta kuyambira caka coyamba, osati atatsala pang'ono kumaliza. Caciwiri, masukulu a sekondale a kumidzi akhale ndi magetsi, makompyuta ndi aphunzitsi a masamu okwanira, kuti mwana wa ku Chadiza kapena ku Lundazi asatsekeredwe khomo asanafike n'komwe ku Lusaka. Cacitatu, omaliza maphunziro apatsidwe nchito m'zipatala ndi m'malo ofufuzira za ulimi monga Msekera ku Chipata ndi Mount Makulu ku Chilanga, cifukwa wosowa nchito kwao amapita kukatumikira maiko ena.

Mafumu, makolo ndi atsogoleri a m'midzi afunse aphungu ao za zinthu zitatuzi pa misonkhano. Yunivesiti inamangidwa ndi zopereka za m'mudzi, ndipo ngongole yake ku mudzi idzabwezedwa ndi ana odziwa kuona matenda asanapulule anthu, ziweto ndi mbeu.