Zinyalala za mu Lilongwe Zikuthera m'Nyanja

Alendo ochokera ku Ulaya ndi ku South Africa amalipira ndalama zambiri kuti adzabire m'Nyanja ya Malaŵi. Amabereka thanki ya mpweya kumsana natsikira pansi pa madzi ku Cape Maclear ndi ku Nkhata Bay kukaona mbuna, tinsomba tamawangamawanga topezeka m'nyanja yokhayi. Pofuna kuteteza tinsombati, Boma linakhazikitsa Lake Malawi National Park mu 1980, ndipo mu 1984 bungwe la UNESCO linavomereza malowa kukhala chuma cha dziko lonse lapansi.

Tsono mlendo wobira amafuna madzi oyera, ndipo apa mpamene nkhaniyi ikukhudza anthu a mu Likulu. Mtsinje wa Lilongwe, umene umadutsa pafupi ndi msika wa ku Old Town, umathira mu Linthipe. Linthipe naye amakathira m'nyanja ku Salima, kufupi ndi zilumba za Maleri zimene zili m'paki yomweyo. Majumbo otayidwa pa mlatho ndi dothi lokokoloka m'madimba a m'gombe zonse zimalowera kumeneko. Matope akakuta miyala, ndere zimene mbuna zimadya sizimera bwino, ndipo wobira saona kanthu.

Nkosavuta kuloza chala ogulitsa malonda okha. Nawonso mabwana a ku Area 10 ndi Area 43, amene amadandaula za uve akapita ku Senga Bay Loweruka, adzifunse kumene zinyalala za m'mipanda yawo zimakatayidwa.

Boma linaletsa majumbo opyapyala mu 2015. Khonsolo ya Mzinda iyambire pa mlatho wa ku Old Town kulondoloza lamuloli.